Gwape wosathawa wa pa dimba nambala 17

Lolemba, 14 Okutobala 1996

Ndikulemba ndili m'kashedi ka padimba, kuno ku Edmonton, mu London. Nthawi ndi 9 koloko m'mawa. Zala zauma ndi chisanu. Nkhungu yaphimba njanji, yaphimbanso manda amene tachita nawo malire. Mitanda ikuoneka nsonga zokha, ngati anthu oima m'madzi ofika m'khosi.

Nkhani ili motere. Kalata yachiwiri yochokera ku komiti ya madimba obwereketsawa, amene kuno amati alotimenti, yandipeza. Akuti dimba nambala 17 lasanduka tchire. Loweruka likudzali abwera kudzaliyendera, ndipo akadzalipeza lili momwemu, ndidzabweze kiyi wa pageti. Wasaina ndi mlembi wa komiti, Mayi Harbottle, mzimayi waulemu koma wosadziwa kuika mpumira pamalo pake.

Dimba ili analima malemu akazi anga zaka khumi ndi chimodzi. Iwo agona kuseri kwa waya uyu, mzere wachinayi kuchokera pamtengo wakuda uja wosayoyola masamba. Ndikakhala pakhomo la kashedi ndimaona mwala wawo. Msana wanga unakana khasu kalekale. Koma kiyi sindibweza.

Nzeru yake nayi. Miyezi yonse yotentha anthu akhala akudandaula za kagwape kamene kamatuluka m'mandamo kudzadya nyemba ndi maluwa awo. Komiti inakhalira nkhaniyi katatu, ndipo chimene inabereka ndi waya watsopano. Kwathu, munthu wopha nguluwe yosautsa m'minda salandidwa malo. Amapatsidwa mwendo ndi ulemu. Ine ndine mwana wa mlenje. N'zoona kuti zaka makumi atatu ndinazithera pa bolodi ndi choko, ndi kuti chachikulu chimene ndinaphapo ndi tambala wa pa Khirisimasi. Komabe magazi sanama.

Dongosolo la sabata:
1. Lolemba, kukonza malo kuti nyama iwakonde.
2. Lachiwiri, kuyesa uta.
3. Lachitatu, kupha.
4. Lachinayi, kusenda ndi kugawa. Mwendo wakumbuyo kwa Mayi Harbottle.
5. Lachisanu, kupuma.
6. Loweruka, kulandira kuthokoza kwa komiti modzichepetsa.

Zalero zatheka zonse. Ndathira mchere pachitsa. Ndamwaza maapozi akugwa okha amene ndatola m'njira. Ndakwirira beseni la madzi mpaka m'milomo kuti lioneke ngati chithaphwi. Minga ndi udzu ndazisiya, pakuti chimene komiti ikuti tchire, nyama imati kwathu. Pomaliza ndadula waya wa kumanda, kampata kongokwana galu. Ndidzasokanso ntchito ikatha.

Kuyambira lero sindisamba ndi sopo, monga ankachitira bambo anga asanapite kuuzimba. Tayi yekha ndivalabe.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Uta wa bambo wakhala pakhoma la pabalaza chibwerere kuno. Ndaubweretsa pa basi nditaukulunga m'katani yakale. Mayi wina wandipatsa malo poganiza kuti ndi ndodo ya wodwala. Ndalandira.

Nsinga yake inadyedwa ndi njenjete, choncho ndabwereka chingwe choyanikira zovala cha mwana wanga Esinati, namwino wa pachipatala chachikulu, amene ndimakhala naye. Mwini wake sakudziwa. Mlenje sanena kumene akupita.

Mchere wanyambitidwa. Osati mwachisawawa ayi: pakati pokha, kadzenje kosalala ngati pomwe padutsa supuni. Mapazi alipo, timapazi ta ziboda ziwiri, kuchokera pampata kufika pachitsa. Ndawatsata kawiri nditavala magalasi. Olowa ndikuwaona bwino lomwe. Otuluka sindikuwaona.

Dothi la pamenepo n'louma. Chifukwa chake ndi chimenecho.

Zotsatira za kuyesa uta, polasa thumba lodzaza manyuzipepala:
Muvi woyamba, wagwa mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamene ndaima.
Wachiwiri, walowa mumgolo wa madzi wa dimba loyandikana nalo.
Wachitatu, wakwera bwino kwambiri, wadumpha waya, walowa m'nkhungu ya kumanda. Ndatchera khutu kuti ndimve kugwa kwake. Sindinamve.

Eni mgolo ndi a Tembo a ku Chipata, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi. Avuula muvi, auyang'ana, ayang'ana ine. Akuti, "Aphunzitsi, aka ka uta muzapaya nako chani, pusi? Kuno ni ku London, muzamangiwa." Ndawafotokozera kuti boma silingamange munthu wothandiza boma. Iwo angoseka n'kumata mgolo wawo ndi phula.

Cha m'ma 11 koloko chinthu chikuuwa kumanda. Kamodzi. Chete. Kamodzinso. Galu sauwa motero; galu amakhala ndi chifukwa. Ichi chikuuwa ngati munthu amene anauzidwa kuti kuuwa n'kotere koma sanamvepo. A Tembo akuti ndi gwape yemweyo, mtundu wake umauwa. Atatero alongedza makasu awo, nthawi yawo isanakwane.

Lachitatu, 16 Okutobala

Tsiku lopha.

Ndafika kutangocha, basi yoyamba. Muvi wachitatu uja uli pampando wa malemu, kampando kathabwa kamene kamakhala panja pa shedi. Wagonekedwa mowongoka, nsonga kuloza kuchitseko. Mwachidziwikire wosamalira manda waupeza n'kuuponyera kuno. Ali ndi dzanja labwino mnyamata ameneyo, ngakhale sindinamuonepo.

Ndakhala m'shedi, chitseko chotsekula pang'ono. Ndaulutsa phulusa kuti ndione kolowera mphepo. Phulusa lagwa pansapato. Kulibe mphepo, kulibe mbalame, ngakhale sitima za ku Liverpool Street zikudutsa ngati zafunditsidwa bulangete.

Nthawi ya 7:20 wafika.

Sindinamuone akulowa. Pamene panali nkhungu, pali gwape. Ndi wamng'ono, msinkhu wa mbuzi yaikazi, wofiirira, msana wokhota ngati nkhalamba. Kukamwa kwatuluka mano awiri osongoka. Gwape wa mano! Pamphumi pali mizere iwiri yakuda imene ikumuonetsa ngati akuganizira za mlandu.

Mchere waudutsa. Maapozi wawadutsa. Walowa pansi pa minga pamene pali nkhwani yomera yokha, mbewu ya malemu imene inatsala, ndipo akubudula nsonga zanthete zokhazokha, kusiya masamba okhwima. Ndi mmene amathyolera munthu wodziwa ndiwo.

Ndakoka uta. Chingwe cha Esinati chalira pang'ono. Iye watukula mutu, wandiyang'ana m'maso, ndipo akupitiriza kutafuna. Mtunda wake mapazi asanu. Ngakhale muvi woyamba uja ukanafika.

Sakuthawa.

Apa ndiyenera kulemba lamulo la bambo anga, limene sindinalikumbukepo zaka makumi asanu ndi limodzi kufikira mmawa uno. Ankati: "Nyama yothawa ndi ndiwo. Nyama yoima n'kumakuyang'ana, tsitsa uta. Sudziwa wabwera ndani." Malume anga ena sanamvere. Analasa mbawala yoima pafupi ndi mudzi, ndipo pofika kunyumba nayo anapeza anthu atasonkhana kale pakhonde.

Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndinaphunzitsa sayansi ya zachilengedwe mpaka Sitandade 8. Za malodza ndinazisiya pamodzi ndi kabudula. Ndikulemba momveka bwino kuti uta ndautsitsa chifukwa cha phewa, limene limavuta kukazizira.

Wakhala mphindi makumi anayi. Pochoka ndinali ndikupukuta magalasi.

Dongosolo lasintha motere: mawa ndimuthawitse kaye, kenaka ndimulase. Potero lamulo la bambo lisungidwa, ngakhale sindilikhulupirira.

Lachinayi, 17 Okutobala

Kunyumba zinthu sizili bwino. Esinati wayanika mayunifolomu ake pazitseko. Wandinunkhiza pamene ndimamwa tiyi, n'kufunsa ngati madzi otentha akuvuta kubafa. Kenaka waona khoma lopanda uta. Akuti, "Adadi, chilichonse chimene mukupanga ku alotimentiko, ine sindikakutengani ku polisi. Ndili pa shifiti." Ana ophunzira kuno amalankhula ndi makolo awo ngati akuwerenga chikwangwani.

7:20, wafika. Ndinayang'anitsitsa pampata osaphethira. Ndamupeza ali kale cham'mbali mwa shedi, pafupi ndi kampando.

Njira zimene ndayesa kuti athawe:
1. Kutsokomola mwaulemu. Palibe.
2. Kutsokomola mopanda ulemu. Wagwedeza khutu limodzi.
3. Kuomba m'manja. Apa ndalakwitsa, pakuti manja anga anazolowera kuomba mwa moni, ndipo zamveka ngati ndikupempha malo.
4. Kumenya chitini ndi supuni. Wayandikira.
5. Kunena "Choka!" m'Chichewa, ndi m'Chingerezi cha kalasi, chimene chinkabalalitsa anyamata makumi asanu ndi awiri nthawi imodzi.
6. Kuimba nyimbo ya m'buku, ndime zonse zinayi.

Pa nambala 6 wagona pansi, wapinda miyendo, wamvetsera mpaka Ameni. Ndazindikira mochedwa kuti nyimbo imene yabwera pakamwa ndi imene tinaimba kuseri kwa wayaku chaka chatha. Sindinaisankhe. Ndi yokhayo imene ndimaidziwa pamtima ndime zonse.

Sindinathe kutuluka m'shedi mpaka 10 koloko, popeza anagona pakhomo penipeni, ndipo kudumpha mlendo si khalidwe.

Masana kwadzaza anthu. Madandaulo ali ponseponse. Kabichi wa dimba nambala 9 watha. Repu wa a Tembo wametedwa mpala. Maluwa a rozi a Mayi Harbottle, amene amapita nawo kumpikisano, atsala timitengo. Mayiwo ayendayenda ndi kabuku, akuti sakumvetsa, waya ndi watsopano. Ine ndaima kutsogolo kwa kampata kanga ndi jekete yotambasula mpaka adutse. Andiyamikira kuti ndikuoneka wathanzi, koma aima patali.

M'dimba langa lokha simunaonongeke kanthu. Nsonga za nkhwani zokha.

A Tembo andiitanira pambali. Akuti iwo gwape ameneyu amuonapo kasanu, ndipo nthawi zonse amangoona mchira, liwiro lake ngati wakuba. Ndawauza kuti kwa ine sathawa. Kenaka afunsa ngati mwambo wonse wa maliro a akazi anga unatha bwino, ngati kumudzi anameta, ngati eni mbumba anavomera kuti agone kuno. Ndawayankha kuti zonse zinayenda mwa Chikhristu ndi mwa lamulo. Akuti si zimene afunsa.

Malemu ankafuna kukagona kwawo ku Dowa. Zimenezi sindinawauze a Tembo. Si nkhani ya padimba.

Lachisanu, 18 Okutobala

Linali tsiku lopuma.

Usiku wonse ndalingalira, ndipo ndatsimikiza kuti ulenje uthe. Ndisoke mpata, ndibise uta, nditchetcheko udzu wa kutsogolo ndi chikwakwa cha a Tembo, kuti mawa komiti ione kuti pali chiyambi. Munthu wanzeru amadziwa pobwerera.

Ndafika 6:30, nthawi yake isanakwane. Ndayang'ana dimba lonse, pansi pa minga, kuseri kwa shedi. Mulibe. Ndagwada pampata ndi waya ndi pulayala. Ntchito ya mphindi khumi yanditengera ola, chifukwa cha mawondo. Ndasoka bwino, mizere itatu, mfundo zolimba. Ngakhale khoswe sangadutse.

Nditadzuka n'kutembenuka, ali atatu.

Aima mondondozana pakanjira, wamkulu patsogolo, onse akundiyang'ana. Anali m'kati nthawi yonseyi. Ndawatsekera m'madimba, pamodzi ndi kabichi yense wotsala wa Edmonton!

Ndayesa kumasula. Mfundo zanga n'zolimbadi. Pulayala wagwera m'minga, ndipo pamene ndapisa dzanja, chinthu chofunda chandipumira pachikhatho. Pulayala ndamusiya komweko.

Chikwakwa ndatchetcha nacho kasanu. Kachisanu ndi chimodzi msana wagwira. Ndakhala pakampando ka malemu, koyamba chimwalirire iwo, chifukwa panalibe pena pofikira. Thabwa lake ndalipeza lofunda. M'mawa wa chisanu chotere, dzuwa lisanaoneke sabata yonse.

Nyama imagona paliponse. Mwina inagona pamenepo. Kampandoko n'kotalika kufika m'bondo ndipo n'kopapatiza ngati buku la nyimbo, koma mbuzi zimakwera zinthu zodabwitsa.

A Tembo lero sanalowe. Aima kunja kwa geti, manja m'thumba. Akuti kwawo chinyama cha maonekedwe otere chikatuluka kumanda, chimakhala chabwera kudzaperekeza munthu, ndipo akazi ndi ana amathawira m'nyumba. Ndawakumbutsa kuti chimene akunenacho chimapangidwa ndi makoko a chimanga, ndipo m'kati mwake mumakhala amuna a m'mudzi momwemo. Akuti, "Nanga muli aka muli ndani?" Chikwakwa akuti ndisunge, sachifunanso.

Madzulo ndasamba ndi sopo. Ndasita malaya oyera. Ndalemba mawu oti ndikanene mawa, masamba awiri, m'Chingerezi chimene Mayi Harbottle sanachimvepo chibadwire.

Uta ndaiwala kubisa. Uli chotsamira pachitseko cha shedi.

Loweruka, 19 Okutobala

Komiti yafika 10 koloko: Mayi Harbottle ndi kabuku kawo, wapampando amene ndi bambo wamtali wosamva khutu limodzi, ndi msungichuma. A Tembo akutsatira patali ngati wopita kumaliro a munthu wosamudziwa bwino.

Madimba onse aoneka ngati padutsa dzombe. Anthu akulankhula motsitsa mawu.

Pa nambala 17 apeza izi, ndipo zonse zalembedwa m'kabuku: tchire, mchere pachitsa, maapozi oola, beseni lokwiriridwa, waya wa komiti wodulidwa ndi kusokedwa ndi dzanja lina, thumba la manyuzipepala lojambulidwa gwape ndi choko. Chojambulacho n'chabwino, ndipo msungichuma wavomereza.

Ndayamba kuwerenga mawu anga. Ndafotokoza za nguluwe, za mwendo wakumbuyo, za udindo wa mlenje pamudzi. Pofuna kuti amvetse, ndanyamula uta ndi kuikapo muvi, mwa chitsanzo chabe. Mayi Harbottle andidula ndili pa tsamba loyamba. Akuti m'dziko lino kulasa nyama iliyonse ndi uta n'koletsedwa ndi lamulo, kuyambira kale, ngakhale kalulu, ngakhale khoswe. Ndafunsa ngati mafumu awo akale sankatero. Akuti mafumuwo analibe dimba kwa iwo.

Pamenepo minga yagwedezeka, ndipo watuluka. Wamkulu uja, yekha. Waima pakati pa ine ndi komiti, wandiyang'ana monga mwa masiku onse.

Mayi Harbottle angoti, "Shuu," n'kukupiza kabuku.

Wathawa! Wathawa ngati mphezi, mchira m'mwamba, woyera kunsi, kulumpha mizere ya anyezi. Mmawa wathunthu wa chitini ndi nyimbo, ndipo mzimayi uyu wangoti shuu.

Chimene chachitika kenaka ndikuchilemba mwachilungamo. Mutu wanga unali ndi komiti. Koma m'manja munali uta, ndipo manja aona nyama yothawa. Nyama yothawa ndi ndiwo. Akoka okha, monga anadzitsitsira okha Lachitatu. Chingwe cha Esinati chaduka ndi kulira kwa waya wa gitala, uta wa bambo wathyoka pakati, ndipo muvi wapita cham'mbali n'kukazika m'nthaka pakati pa nsapato ziwiri za wapampando.

Kwa nthawi yoyamba sabata ino, muvi wanga waima chilili.

Palibe wakuwa. Wapampando wayang'ana pansi, wabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kufunsa msungichuma ngati ndanena kanthu. Mayi Harbottle atseka kabuku. Akuti chifukwa cha msinkhu wanga ndi chifukwa cha malemu, amene ankawapatsa maungu chaka chilichonse, nkhaniyi sipita kupolisi. Kiyi ndikaponye m'bokosi la pageti pofika mawa masana.

Ndapempha kuti ndimalize tsamba lachiwiri. Andilola. Amvetsera onse mpaka kumapeto, ndipo kumandako chinthu chija chimauwa pakutha pa ndime iliyonse.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kutchalitchi m'mawa. Ulaliki sindinaumve.

Esinati wandiperekeza ndi galimoto kukatenga katundu. Sanandikalipire, chimene chandipweteka koposa. Watenga kampando, makasu awiri a amayi ake, ndi botolo la njere za maungu limene linali pashelefu. Zidutswa za uta wazikulunga yekha m'nsalu. Akuti kumanda kuli geti lake kumsewu waukulu, basi ziwiri kuchokera kwathu, amatseka 4 koloko. Akuti azindipititsa Lamulungu lililonse limene sali pantchito. Ndawerenga pakalendala yake ya kukhitchini: mwezi uno latsala limodzi.

A Tembo akuti dimba lipatsidwa kwa banja lina lachinyamata limene lakhala likudikira zaka zitatu. Adzalambula zonse, minga ndi nkhwani yomwe. Akuti akadzaona mbewu yomera yokha m'malire, adzaisiya. Tagwirana chanza.

Nkhungu yachoka lero, koyamba. Madimba akuoneka ang'onoang'ono, manda akuoneka aukhondo, mwala wa mzere wachinayi ukuwala ngati mbale yotsukidwa. Palibe chodabwitsa chilichonse. Ndikanakonda anthu onse akanaona malowa lero lokha.

Ndakhoma geti ndili kunja. Kiyi ndaponya m'bokosi. Walira kamodzi pansi pake. Esinati analiza kale injini.

Ndikutembenuka, gwape uja ali m'kati mwa geti, mphuno pawaya, dzuwa lili pamutu, anthu akudutsa ndi agalu awo mumsewu. Agaluwo sakumuona, kapena akudziwa zimene ine sindidziwa. Tayang'anana. Ine kunja, iye m'kati, ndipo wa kiyi palibe.

Ndavula chipewa. Ndati, "Tsalani bwino. Nkhwani ya kuseri kwa shedi ndi yanthete kuposa ya kutsogolo."

M'galimoto Esinati wafunsa kuti ndimalankhula ndi ndani. Ndamuuza kuti ayang'ane kutsogolo, akuyendetsa.